Kulemera kwa Bokosi la Bisiketi

Anthu amayesa kuti zinthu izi zimadikira mdima. Ayi ndithu. Zimene zinamuonekera Yotamu zinachitika Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, maminibasi akuliza mahutala, ana akuthamangira kusukulu manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu. Sendezani mpando, mumve.

Yotamu anali wokhoma zidebe ku Mchesi, bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Mayi ake, aNangozo, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri m'nyumba ya azungu ena ku Area 9. Anachapa, anasita, analera ana atatu a eni ake, pamene wawo yemwe ankakulira kumudzi kwa Kalinda, kuseri kwa Lumbadzi, akudya mkute wa kwa malume. Ana a azunguwo atakula, aNangozo anatsala ndi galu. Dzina lake Bisiketi, wofiirira, wa makutu ogwa, wokalamba moti kukamwa kunali kutachita imvi.

Azunguwo anabwerera kwawo mu Epulo. ANangozo anawasiya m'kanyumba ka antchito kuseri kuti asunge galuyo mpaka zikalata zake zitatheka, pajatu galu sangokwera ndege: katemera, kuyeza magazi, chidindo cha uku, chidindo cha uko. Zikalata zisanathe, aNangozo anamwalira. Anawapeza mlonda Lolemba m'mawa, ali pansi pafupi ndi chitseko, foni ili m'manja, galu atagona chopingasa pa miyendo yawo.

Tsono tamverani za amoyo. Adona anatumiza uthenga wa mizere iwiri ndi kankhope kolira. Malume ake a Yotamu anafika pamaliro maso ali pa makina osokera. Akumpingo anayamba akangana kaye ngati nkoyenera kuimbira munthu amene ankajomba Lamulungu, ngati kuti ankajomba ali kumowa, osati akusita malaya a abwana. Onsewa mpaka lero akudya, akugona bwino.

Patatha sabata ziwiri chiikire maliro, adona anatumiza uthenga wina. Uwu sunali wa mizere iwiri. Galimoto yasungitsidwa kale, yoyera, nambala yake iyi, dalaivala ndi a Kaphuka, ifika hafu pasiti sikisi. Galu asadye m'mawawo. Amwe madzi pang'ono. Ndipo chonde, muike m'bokosi mwake chitenje cha Nangozo chosachapa, kuti azimva fungo lake, asaope m'ndege.

Yotamu anawerenga katatu, pang'onopang'ono monga amawerengera munthu wolekezera Sitandade 7. Galu ali ndi galimoto yake, yodziwika mtundu, nambala ndi dalaivala yemwe, kutatsala masiku khumi. Mayi ake anafa atasowa ngakhale kabaza.

Anatukwana mpaka anzake okhoma zidebe anasiya nyundo. Koma panali chimene sanauze munthu. Foni ija mlonda anaipeza m'manja mwa mayi ake inali itaimbira munthu mmodzi yekha Lamulungu masana. Kasanu ndi kawiri. Munthuyo anali iye. Anali pansi pa mtengo akusewera bawo, chibuku chili pambali, ndipo dzina lawo analiona bwinobwino pafoni yake. Mumtima anati, akufuna ndikawanyamulire thumba la chakudya cha galu wawoyo. Anaitembenuza foniyo chafufumimba n'kupitiriza kutakata.

Chichitikire zimenezo, m'kanyumba kaja sanalowemo. Ankabwera madzulo, kuthira chakudya cha galu pakhonde, n'kumapita osayang'ana zenera.

Lachiwiri lija anafika kukucha, chifunga chili tolo. Chinthu choyamba kuona chinali mbale ya galu. Inali yotsukidwa, yovundikiridwa pamwala, itatsamira khoma kuti madzi atsike, monga ankaikira mayi ake.

"Achimwene," anaitana mlonda, "ndinu mwatsuka mbaleyi?"

"Ine ntchito yanga ndi geti," anatero mlonda akuyasamula. "Tsiku lililonse ndimaipeza choncho. Ndimayesa ndinu."

"Ine ndimaisiya pakhonde, yakuda."

Anayang'anizana. Mlonda anakoka chipewa chake mpaka m'makutu, napita kukaima kugeti, ngakhale kunalibe wogogoda.

Chitenje chinali pa chingwe mkati, pafupi ndi khomo. Yotamu ankadziwa kuti zovala za malemu sizituluka m'nyumba achibale asanabwere kudzazichapa ndi kuzigawa. Koma achibale ake ati? Omwe aja a makina osokera? Anatsegula chitseko pang'ono, nalowetsa dzanja lokha, nkhope atayang'ana kumbali. M'nyumbamo munali motentha, ngati mogona munthu. Anachikoka chitenjecho n'kumenyetsa chitseko.

Galimoto inafika kutatsala mphindi zisanu. A Kaphuka anali munthu wamkulu, wadazi, wa jekete lachikopa losupuka m'zigongono.

"Abwana oyenda ulendowo ali kuti?" anafunsa akuseka. "Ine ndanyamulapo mabishopu, akwati, ngakhale oimba. Koma wandiimbira katatu kuchokera kunja kuti ndisachedwe ndi mayi wa galuyu yekha."

Bisiketi anakana kulowa m'bokosi. Yotamu anakankha, anakoka, anakalipa, galu anangouma miyendo. Kenaka anatembenuza mutu kuyang'ana kukhomo la kanyumba kaja, nagwedeza mchira kawiri, napendeketsa khutu monga amachitira galu wina akamamukanda. Atatero analowa yekha, nagona pachitenje.

Pokweza bokosilo, awiri analephera. Anachita kuitana mlonda.

"Iii, galu ameneyu mumamudyetsa simenti?" anatero a Kaphuka akugwira msana. Palibe anaseka.

Ananyamuka. Pa hampu yoyamba galimoto inakhula pansi, khwee. Pa yachiwiri chimodzimodzi. A Kaphuka anayang'ana pagalasi, nakwinya nkhope.

"Dzulo ndinanyamula anthu anayi ndi masutikesi awo. Sinakhule."

Yotamu ankamva fungo. Osati la galu, koma la mafuta aja otentha amene mayi ake ankapaka m'mawondo kukazizira. Anadziuza kuti ndi chitenje. Anatsitsa galasi, mphepo yozizira inalowa, koma fungo silinachoke.

Atalowa mumsewu waukulu anakumana ndi mkulu wina akukankha njinga ya makala. Mkuluyo ataona galimoto anaima, napatukira kuudzu, navula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, mutu ataweramitsa. Patsogolo pake amayi awiri osenza madengu a masamba nawonso anapatuka. Mmodzi anafika ponjuta.

"Mukuwadziwa?" anafunsa Yotamu.

"Ayi." Mawu a a Kaphuka anali atasintha. Anazimitsa wailesi.

Potsetsereka kulowera pa mlatho wa Lingadzi, galimoto inayamba kulemera ngati ikukwera phiri. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima, matayala akutsogolo atangokhudza mlatho. Kumbuyo mahutala analira. Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Madala, kagulitseni kwa osula mbaula chimenecho!" A Kaphuka anapotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Zii.

Sanatsike kukatsegula boneti. Anaika manja onse pachiwongolero, napuma.

"Mwana wanga, ndisanayambe za matakisi ndinayendetsa lole ya kuesiteti zaka zisanu ndi zinayi. Maliro onse a antchito ndinkanyamula ndine. Kuzima kotere ndimakudziwa. M'bokosimo muli chiyani?"

"Galu."

"Ndi chiyani china?"

"Chitenje."

"Cha ndani?"

Yotamu anayang'ana kumtsinje. "Cha mayi anga. Tinaika pa 3."

A Kaphuka anatseka maso. Kenaka anatembenuka pang'ono, osafika poyang'ana kumbuyo, nalankhula motsitsa ngati munthu wolowa m'nyumba ya apongozi.

"Amayi, pepani, sindinakupatseni moni. Ine ndine Kaphuka, dalaivala chabe, ndangotumidwa. Pano tikuoloka Lingadzi."

Anapotokola kiyi. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi.

Anadutsa Area 18. Bisiketi, amene adona anati amalira m'galimoto, anali phee. Kumbuyoko kunkangomveka kaphokoso kena, kofewa, kobwerezabwereza, ngati chikhatho chikusisita ubweya.

"Anamwalirira kuti?" anafunsa a Kaphuka.

"M'kanyumba kaja."

"Tsiku lonyamula thupi, analowa ndani kukawauza kuti tiyeni kwathu?"

"Malume... kaya."

"Kaya? Si ntchito ya malume imeneyo mwana alipo. Iwe unali kuti?"

"Pageti."

"Pageti." A Kaphuka anapukusa mutu. "Ndiye munanyamula thupi, eni ake n'kuwasiya. Akhala akudikira sabata zonsezi kuti wina awaitane. Lero aona yekhayo amene anali nawo akutuluka, ndiye amutsatira. Ukuona ngati akanatani?"

"Mayi anga ali kwa Kalinda!" Yotamu anamenya dashibodi. "Dothi ndinathira ndekha! Inu ntchito yanu ndi kuyendetsa, osati kuombeza."

"Chabwino. Ine ndikafikitsa pomwe anandilembera. Koma imva ichi. Mtsinje ndawaolotsa ine. Nyanja zimene ikaoloke ndegeyo, palibe amene akawauze kanthu. Akatsika kudziko la eni, kopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo lenileni. Kumeneko sabwerako."

Pa Kanengo anaima kudikira malole. Mayi wogulitsa zitumbuwa anafika pazenera, nasuzumira kumbuyo, namwetulira.

"Zotentha, bambo. Agulireni amayiwo, akuoneka kuti sanadye."

A Kaphuka anaponda moto osadikira kuti lole ithe bwino kudutsa.

Chifunga chinali chitayamba kubalalika pamene ankakhotera kubwalo la ndege. Anapita mbali yolandirira katundu. Amuna awiri a maovolosi anathandiza kutsitsa bokosi, mmodzi akudandaula kuti amuthyola chiuno. A Kaphuka sanazimitse injini. Anagwira Yotamu paphewa.

"Ine ndili ndi wina wondidikira naini koloko. Ndipo ngakhale pakanapanda wina, ulendo uwu ndathera pano." Anayang'ana bokosi, naweramitsa mutu. "Tsalani bwino, amayi."

Wolandira katundu anali mayi wojintcha, wa magalasi olendewera pa kachingwe. Anawerenga zikalata, nauza amuna aja kuti aike bokosi pasikelo. Manambala ofiira anathamanga n'kuima.

"Bambo, dokotala wa ziweto analemba Lachisanu kuti galu ndi makilo 25, bokosi 9. Zonse 34. Apa pakuti 75. Mwabisamo chiyani? Ngati ndi chamba neneranitu, tisavutane."

"Mulibe kanthu. Chitenje chokha."

"Chitenje cha makilo 41? Tachotsani tione."

Yotamu anatsegula kachitseko, nasolola chitenje pansi pa galu. Ngati zili m'nsalu, angoipinda, apite nayo kumudzi, nkhani ithe. Anachikumbatira pachifuwa. Chinali chopepuka, chozizira, nsalu chabe.

Sikelo inati 75.

Mayiyo anatsitsitsa bokosi, nakwera yekha pasikelopo. "Iyi ndi yanga yeniyeni, mwatsoka," anatero, amuna aja n'kuseka. Anaikapo bokosi lopanda galu. 9. Kenaka Yotamu anakoka Bisiketi ndi chingwe, galuyo nakwera yekha, nakhala pansi. 66.

Kuseka kunatha. Mmodzi wa amuna aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufunidwa kwina.

Yotamu sankaona galu. Ankaona kabuku ka kuchipatala ka mayi ake, kamene mlonda anamupatsa tsiku la maliro. Anakawerenga ali yekha. Tsamba lomaliza, mwezi wa Meyi, namwino analemba kulemera kwawo: 41. Mayi amene kale ankasenza thumba la chimanga osathandizidwa. Anatha chonchi iye ali ku Mchesi konkuno, ulendo wa minibasi imodzi, osadziwa, chifukwa ankati akawaona amangoona yunifolomu ya kwa azungu.

Foni yake inalira. Anali adona. Mayi wa pasikelo anailandira, nalankhula nawo Chingerezi kwa kanthawi, kenaka anaibweza.

"Akuti zilibe kanthu, sikelo ikanena 75 tilembe 75, iwo avomera. Galu asatsale basi. Sainani apa, bambo, tizikweza." Anamupatsa cholembera, koma maso ake sanachoke pa galu. Anawonjezera motsitsa, "Ine ndangonena zomwe anena."

Yotamu anagwira cholembera. Ndipo ndisakunamizeni, ukali unamubwerera wonse. Apite! Si ndiwo anasankha? Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anawagwira chitenje pa siteji ya basi akulira, iwo n'kumuchotsa zala chimodzichimodzi kuti akalere ana a eni. Moyo wonse anatsatira anthu amenewa. Awatsatire ndi kumeneko, akawatsukire mbale mpaka kalekale. Akangosaina, palibe adzadziwe za mafoni asanu ndi awiri aja. Wodziwa yekhayo akhala atapita kutsidya kwa nyanja.

Nsonga ya cholembera inakhudza pepala. Bisiketi anatulutsa kamawu kakang'ono, osati kuuwa. Mutu wake unali utatsamira pa chinthu chimene panalibe.

Pamenepo mpamene Yotamu anazindikira kuti Lamulungu lija mayi ake sanaimbire adona. Sanaimbire mlonda, amene akanatha kuthamanga kuchokera kwawo. Sanaimbire malume kapena abusa. Mphamvu zomaliza zonse anazithera pa nambala imodzi.

Anaika cholembera pansi. Anagwada pa simenti, pamaso pa sikelo, anthu akuona.

"Amayi." Anayambanso. "Amayi, ndine Yotamu. Foni ija ndinaiona. Musamayese kuti inali kutchaja kapena inali m'thumba. Inali pabondo panga. Ndinaona dzina lanu kasanu ndi kawiri, ndinaitembenuza. Ndinali pa bawo. Sindinali kudwala, sindinali kutali. Ndinkafuna mumve mmene zimawawira kuitana munthu osabwera."

Kutali ndege ina inkalira.

"Tsiku lija ndinaopa kulowa. Ndinkati mundifunsa. Ndinakusiyani m'menemuja nokha kachiwiri." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Sindikuti mundikhululukire. Koma kumene akupita galuyu si kwanu. Ntchito inatha, amayi. Tiyeni kwathu."

Manambala sanasinthe. 66. Anadikira mpaka mawondo anachita dzanzi. Kenaka Bisiketi anadzuka, nadzinyololola, natsika pasikelo n'kukaima pakhomo.

Pasikelo panalibe kanthu. Inati 41.

Mayi wa magalasi anagwira pakamwa. Anawerenga masekondi mumtima, akuti anafika pa sikisi. Kenaka chitsulo cha sikelo chinalira pang'ono, monga chimachitira munthu akamatsika mosamala mwendo umodzi kenaka winawo, ndipo manambala anagwa kufika pa ziro.

Galu anayang'ana Yotamu, nayang'ana kunja.

"Popanda galuyu amayi sayenda," anatero Yotamu, osadziwa kuti akuuza ndani.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anatero mayiyo, akubweza zikalata zonse m'manja mwake. "Ine galu wosasainidwa sindikweza."

Foni inaliranso ali pageti. Anayankha ndi Chingerezi chake chothyokathyoka, kenaka anangochisiya n'kulankhula Chichewa, poti zaka makumi awiri ndi ziwiri zinali zokwanira kuti adonawo achimve. Anati galu sabwera. Adona analira, anakuwa, anatchula apolisi.

"Auzeni akandipeza kwa Kalinda," anatero Yotamu. "Akafunse pamene panagwa maliro amene inu simunabwere."

Palibe minibasi inalola galu. Anayenda wapansi. Chingwe anachimasula, chifukwa Bisiketi sankafuna kuyenda pambali pake. Ankayenda chapatali pang'ono, kusiya mpata pakati pawo wokwana munthu mmodzi, ndipo ankayenda pang'onopang'ono, n'kumaima pa chitunda chilichonse ngati akudikira wina apume. Yotamu mumpatamo sanapondemo. Njinga ikamabwera ankaikuwira kuti idutse mbali inayo.

Njira yonse analankhula. Anawauza za chipinda chake chodontha ku Mchesi, za mkazi amene anamuthawa, za tsiku limene anabwera kudzawaonetsa chidebe chake choyamba n'kubwerera pageti atamva akuseka ndi ana a azungu. Anafunsa mafunso. Sanayankhidwe ndi limodzi lomwe.

Anafika dzuwa litapendeka. Kumudzi sanalowe. Anazungulira kuseri kwa minda mpaka pamene mitengo ya kumanda imayambira, naima, poti kumeneko munthu salowa yekha. Anayala chitenje chija pa udzu.

"Tafika, amayi. Ndi pompa."

Bisiketi anapita mpaka pamzere wa mitengo, naima. Anayang'ana mkati nthawi yaitali, mchira ukugwedera pang'onopang'ono, mutu ukutsatira chinthu chimene chinkapita chikuchepa. Kenaka mchira unaleka. Analira kamodzi, nagona pansi.

Yotamu anadikirabe. Ankati mwina kamphepo kamukhudza patsaya, mwina tsamba ligwa, chilichonse choti adzagwire masiku otsalawa. Mitengo inangoima.

Mapazi a galu anali atang'ambika ndi miyala, akutuluka magazi. Yotamu anawerama, nakunga mphamvu zonse monga anachitira m'mawa, namunyamula. Anatsala pang'ono kugwa chagada. Galuyo anali wopepuka, mafupa ndi ubweya basi.

Anaima pomwepo atamukumbatira, ndipo kulira kumene kunamukanika pa tsiku la maliro kunabwera konse, moti amayi amene ankachokera kudimba anatula madengu n'kuyamba kufunsana kuti kwagwanso ndani.